Diso lothamanga: tanthauzo ndi chiyambi cha mawu a Chingerezi akuti cursory

Munthu amene amawerenga zigamulo za makhoti, malipoti a akatswiri owerengera ndalama kapena ndemanga za aphunzitsi a ku yunivesite m'Chingerezi sachedwa kukumana ndi mawu akuti cursory. Woweruza wa khoti la apilo akhoza kulemba kuti khoti laling'ono linapereka cursory attention ku umboni wa woimbidwa mlandu, ndipo wowerengera ndalama akhoza kudandaula kuti katundu ankangopatsidwa cursory inspection asanalipiridwe. M'ziganizo zonse ziwirizi muli chidzudzulo, ngakhale kuti chanenedwa mwaulemu, chifukwa wolembayo akutanthauza kuti amene anapatsidwa udindo wounika chinthu anangochiyang'ana mothamanga, osaima pa mfundo iliyonse, kenaka n'kupereka chigamulo ngati kuti wachiona chonse. Ambiri amene anaphunzira mawuwa kusukulu amawatenga ngati amangonena za ulesi kapena kusasamala, koma mbiri yake ikuonetsa kuti pachiyambi ankanena za liwiro basi, ndipo chidzudzulocho chinadzalowamo pambuyo pake. Kudziwa mmene chinalowera kumathandiza kuwamva bwino mawuwa komanso kuwamasulira moyenera.

Pa malamulo a chiyankhulo, cursory ndi mfotokozi wa maphatikizo atatu, ndipo mphamvu ya katchulidwe imagwera pa phatikizo loyamba. Muonjezi wake ndi cursorily. Amakonda kuyenda ndi mayina ochepa odziwika, monga glance, look, reading, examination ndi search, omwe onse ndi mayina a ntchito yoyang'ana, yowerenga kapena yofufuza. Apa pali mfundo imene ophunzira Chingerezi ambiri amaiphonya, yakuti mawuwa amafotokoza ntchito imene yachitika, ndipo sizimveka bwino kuwagwiritsa ntchito pofotokoza khalidwe la munthu. Mngerezi anganene kuti dokotala anachita cursory examination, koma sanganene kuti dokotalayo ndi munthu wa cursory. Akafuna kudzudzula munthuyo amasankha mawu ena monga careless. Ndi bwinonso kudziwa kuti ngakhale mawuwa amayamba ndi zilembo zofanana ndi za curse, tanthauzo lake silikhudzana n'komwe ndi kutemberera kapena kutukwana.

Taganizirani amayi awiri ogula chimanga pa msika. Woyamba akumasula kukamwa kwa thumba, akuona kuti njere za pamwamba ndi zoyera ndi zonenepa, ndipo akulipira. Wachiwiri akupisa dzanja mpaka m'chigongono, akutapa za pakati, akuzipukusa m'manja kuti aone ngati mukutuluka fumbi la anankafumbwe, kenaka akuluma njere imodzi kuti amve ngati chinauma bwino. Zimene wachita mayi woyamba ndizo Mngerezi angazitche cursory inspection. Sananame kuti anayang'ana, pakuti anayang'anadi, ndipo n'kutheka kuti chimangacho ndi chabwino mpaka pansi. Vuto ndi lakuti diso lake linangodutsa, kotero kuti chimene akudziwa ndi chochepa kuyerekeza ndi ndalama zimene watulutsa.

Gwero la mawuwa ndi mneni wa Chilatini wakuti currere, kutanthauza kuthamanga. Kuchokera pa mneniyu Aroma anapanga dzina lakuti cursor, munthu wothamanga, monga mmene ife timapangira dzina la mlenje kapena mlimi kuchokera ku ntchito yake. Cursor ankakhala wochita mpikisano wa liwiro, mthenga wonyamula makalata, kapena kapolo wothamanga patsogolo pa ngolo ya mbuye wake kuti anthu apatuke. Dzinali linali laulemu moti mmodzi mwa akuluakulu a nkhondo otchuka a ku Roma, Lucius Papirius Cursor, amene anamenyana ndi mtundu wa Asamnite m'zaka za m'ma 300 Khristu asanabadwe ndipo anasankhidwa kasanu pa udindo wa consul, womwe unali wa atsogoleri awiri akuluakulu a boma la Roma, ankadziwika nalo, ndipo wolemba mbiri Livy ananena kuti liwiro la miyendo yake ndilo linamupatsa dzinalo. Mfumu Augustus itakhazikitsa njira yotumizira mauthenga a boma, momwe amithenga ankasinthira mahatchi m'malo oikika m'mbali mwa misewu, njirayo inadzatchedwa cursus publicus. Kuchokera pa cursor, Chilatini cha m'zaka za kumapeto kwa ufumu wa Roma chinapanga mfotokozi wakuti cursorius, chinthu chokhudza wothamanga kapena kuthamanga, ndipo ameneyu ndiye kholo lenileni la cursory. Kachidutswa ka kumapeto kakuti orius ndi komwe kanasanduka ory m'Chingerezi, monganso m'mawu akuti compulsory ndi advisory.

Banja la currere ndi lalikulu kwambiri m'Chingerezi, ndipo ena mwa ana ake anafika kale pakamwa pathu. Munthu akanena kuti akuchita kosi ya uphunzitsi akugwiritsa ntchito course, mawu ochokera ku cursus, njira yothamangamo. Wofunsira ntchito akalemba CV akulemba curriculum vitae, ndiko kunena ulendo umene moyo wake wathamanga. Currency ndi ndalama chifukwa zimayenda kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina, current ndi madzi kapena magetsi oyenda, courier ndi mthenga, ndipo cursive ndi kalembedwe kolumikiza zilembo komwe cholembera sichinyamuka papepala. Ngakhale kachizindikiro kophethira pa kompyuta kamatchedwa cursor, dzina limene kanatengera ku kagalasi kotsetsereka ka pa chipangizo chowerengera masamu chotchedwa slide rule. M'mawu onsewa mulibe chidzudzulo chilichonse. Akatswiri a zamoyo nawonso ali ndi mawu akuti cursorial, onena za nyama zimene matupi ake anapangidwira kuthamanga monga nthiwatiwa ndi hatchi, ndipo palibe amene amawamva ngati onyoza.

Ena mwa malo amene timaona bwino kuthamanga kwa miyendo kutasanduka kuthamanga kwa maso pa tsamba ndi mayunivesite oyambirira a ku Ulaya, makamaka Paris ndi Oxford, ndipo apa m'pofunika kuima pang'ono. M'zaka za m'ma 1200 kunalibe makina osindikizira, omwe Johannes Gutenberg anadzawayambitsa ku Mainz cha m'ma 1450, choncho buku lililonse linkakoperedwa pamanja ndipo linali lodula moti ophunzira ambiri sakanatha kukhala ndi lawolawo. Kuphunzitsa kunali kuwerenga: mphunzitsi ankakhala pa mpando wake ndi buku, n'kumawerengera ophunzira mokweza ndi kuwafotokozera. N'chifukwa chake mawu akuti lecture amachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kuwerenga. Kuwerengaku kunali kwa mitundu iwiri. Mtundu woyamba, umene unkatchedwa wa ordinarie, unkachitika m'mawa ndipo ankachititsa ndi aphunzitsi okhwima, amene ankatenga ndime imodzi, kuigawa m'zigawo, kudzutsa mafunso ovuta, kutchula maganizo otsutsana ndi kuwayankha, moti buku limodzi linkatha miyezi yambiri. Mtundu wachiwiri, wa cursorie kapena ad cursum, kawirikawiri unkachitika masana ndipo nthawi zambiri ankapatsidwa ophunzira a digiri yoyamba amene ankakonzekera uphunzitsi. Iwowa ankadutsa m'buku lonse mofulumira, kufotokoza tanthauzo la mawu mwachidule popanda kulowa m'mikangano yozama. M'gawo la maphunziro a zaumulungu, wophunzira amene ankawerengera anzake Baibulo mwa njira imeneyi ankatchedwa cursor.

Kuwerenga kothamangaku kunali ndi ntchito yake yomveka. Wophunzira amene sanamvepo buku lonse kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto sakanapindula ndi mphunzitsi wa m'mawa amene watha sabata yathunthu pa tsamba limodzi, monga mmene munthu amene sanazungulirepo munda sangadziwire kuti chigawo chimene akulima chili pati. Komabe kusiyana kwa ulemu kunalipo kale. M'chaka cha 1215, Robert de Courçon, nthumwi ya Papa, anapereka malamulo oyendetsera maphunziro ku Paris, ndipo limodzi mwa malamulowo linali lakuti mabuku a luso la kaganizidwe a Aristotle, katswiri wa nzeru wakale wa ku Greece, aziwerengedwa "ordinarie et non ad cursum", ndiko kuti mwa njira yozama ija, osati mothamanga. Lamuloli silinathetse kuwerenga kothamanga, koma linanena poyera kuti pali mabuku ena amene kuwadutsa mothamanga sikukwanira. Ine ndimaona kuti mbewu ya tanthauzo la lero ili m'mawu ochepa amenewa, chifukwa ndi pamene liwiro likuyamba kuyesedwa ndi kulemera kwa chinthu chimene chikuwerengedwa. Ku Germany mawuwa anasunga mbiri yabwino kwa nthawi yaitali: m'zaka za m'ma 1700 mphunzitsi wa ku Göttingen, Johann Matthias Gesner, ankalimbikitsa kuti ophunzira Chilatini aziwerenganso mabuku ambiri mothamanga m'malo momangokhazikika pa ziganizo zochepa, ndipo mpaka lero Ajeremani amanena za kursorische Lektüre ngati njira yovomerezeka yowerengera.

Mabuku otanthauzira mawu amaika kulowa kwa cursory m'Chingerezi cholembedwa cha m'ma 1600, nthawi imene olemba a ku England ankatenga mawu ambiri ku Chilatini ndi Chifalansa. Umboni wakuti mawuwa anali achilendo pa nthawiyo ukupezeka m'sewero la William Shakespeare lotchedwa Henry V, lolembedwa cha m'ma 1599. Chakumapeto kwa sewerolo, Angerezi atapambana nkhondo ya ku Agincourt ya mu 1415, mafumu awiri akukumana kuti akambirane za mtendere, zokambirana zimene m'mbiri zinabala pangano la ku Troyes la mu 1420. Mfumu ya England ikufuna yankho pa mfundo zimene yapereka, ndipo mfumu ya France ikuyankha kuti mfundozo yangoziona ndi diso lothamanga. Mawu ofotokoza disolo anawavuta osindikiza. Buku la mu 1600 linalemba kuti cursenary, lina lotsatira linalemba kuti cursorary, ndipo buku lalikulu la masewero ake la mu 1623 linalemba kuti curselarie. Akonzi a masiku ano amasankha cursorary kapena cursitory, koma onse amagwirizana kuti tanthauzo ndi la cursory. Kusiyana kwa kalembedweku kukusonyeza kuti anthu oika zilembo m'makina anakumana ndi mawu amene anali asanakhazikike m'makutu mwawo.

Chofunika kwambiri m'ndimeyo ndi chimene mfumu ya France ikupempha itavomereza kuti yawerenga mothamanga. Ikupempha kuti mfumu ya England isankhe nduna zake zina kuti akhalenso pansi limodzi, aziwerengenso mfundozo mosamala kwambiri, ndipo ikatero ipereka yankho lomaliza. Mfumuyo sikuchita manyazi ndi kuwerenga kwake koyamba, chifukwa sikumangirapo chigamulo. Ikudziwa malire a chimene yaona, ndipo ikunena malirewo poyera. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mfumu ya m'seweroli ikuchita zomwezo pokana kusaina za dziko lake lonse isanadekhe.

Apa ndi pamene tingaone mmene chidzudzulo chinalowera. Kuyang'ana mothamanga kumakhala kulakwa pokhapokha pamene kwatenga malo a kuunika kumene kunayenera kuchitika, ndipo popeza anthu amatchula liwiro la kuyang'ana makamaka zinthu zikalakwika, mawuwa anazolowera kukhala m'ziganizo zodandaula mpaka fungo la dandaulo linawakanirira. Ngakhale zili choncho, tanthauzo lakale silinafe. Wolemba akanena kuti even a cursory glance shows the error, sakudzudzula woyang'anayo, koma akunena kuti cholakwikacho chili poyera moti ngakhale wodutsa mothamanga angachione. M'chiganizo chotere mawuwa akulimbitsa mfundo ya wolemba. Palinso wofufuza woona mtima amene amalemba kuti wachita cursory review yokha, pofuna kuchenjeza owerenga kuti asadalire kwambiri zimene wapeza, ndipo ameneyu akuyenda m'mapazi a mfumu ya France ija.

Chingerezi chili ndi afotokozi ena oyandikana nawo, ndipo chiyambi cha aliyense chimasonyeza pamene cholakwa chagona. Perfunctory amachokera ku mneni wa Chilatini wakuti perfungi, kugwira ntchito kuti ithe ichoke pamaso, ndipo amanena za munthu amene akungokwaniritsa mwambo mtima wake uli kwina, monga mlonda amene amatsegula buti ya galimoto n'kuitsekanso asanayang'anemo. Ameneyu akhoza kuchedwa, koma chidwi alibe, pamene wochita cursory inspection akhoza kukhala ndi chidwi koma nthawi yamuchepera kapena waichepetsa yekha. Superficial amachokera ku superficies, nkhope ya pamwamba ya chinthu, ndipo amanena za kuya kumene sikunafikidwe, kaya munthu anathamanga kaya anachedwa. Desultory ali ndi chithunzi chokongola kwambiri, pakuti desultor anali katswiri wa masewera a ku Roma amene ankadumpha kuchoka pa hatchi ina kupita pa ina zili pa liwiro, choncho mawuwa amanena za kufufuza kodumphadumpha kopanda dongosolo. Cavalier, amene poyamba ankatanthauza wokwera pa hatchi ndipo anadzakhala dzina la otsatira Mfumu Charles I pa nkhondo yapachiweniweni ya ku England imene inayamba mu 1642, ndiye wolemera kuposa onse, chifukwa amanena za kupeputsa chinthu chofunika monyada. Mwa onsewa, cursory ndiye wofatsa, ndipo ndiye yekha amene munthu angamugwiritse ntchito ponena za ntchito yake yomwe popanda kudzinyoza.

Kumene mawuwa anayesedwa mozama kwambiri ndi ku khoti lalikulu la ku United States, pa milandu yokhudza chipikisheni cha apolisi. Pa mlandu wa Arizona v. Hicks, umene unagamulidwa mu 1987, chipolopolo chinaboola pansi pa chipinda cha nyumba yosanjikizana n'kuvulaza munthu wokhala m'chipinda cha m'munsi. Apolisi analowa m'chipinda cha pamwambacho popanda chikalata cha khoti, zomwe zinali zololedwa chifukwa ankafunafuna wowomberayo, ena ovulala ndi zida. Ali m'katimo, wapolisi mmodzi anaona zoimbira nyimbo zamtengo wapatali zimene sizinkagwirizana ndi umphawi wa chipindacho. Anasuntha zina mwa izo, kuphatikizapo makina oimbira mbale za nyimbo, kuti awerenge manambala a ku fakitale, ndipo ataimba foni ku likulu anauzidwa kuti makinawo anabedwa. Funso linali lakuti kusuntha kumeneko kunali chipikisheni chatsopano chofuna chifukwa chokwanira, kapena kunali kungoyang'ana chabe. Woweruza Sandra Day O'Connor, amene sanagwirizane ndi anzake ambiri, anati payenera kukhala gawo la pakati lotchedwa cursory inspection, limene wapolisi angachite ngati ali ndi kukayikira komveka. Woweruza Antonin Scalia, polemba chigamulo cha oweruza 6 mwa 9, anakana. Iye anati kuyang'ana kumene kulidi cursory ndi kuona chimene chili kale poyera popanda kuchikhudza, ndipo kumeneko si chipikisheni n'komwe, koma dzanja likangosuntha chinthu kuti lionetse chimene chinabisika, chipikisheni chachitika ngakhale chitangoonetsa kunsi kwa makina oimbira.

Malire amene Scalia anaika ndi omwe aja a amayi awiri a pa msika, diso lodutsa pamwamba ndi dzanja lopisa m'kati, kungoti pano lamulo likuteteza mwini chipinda, kotero kuti wapolisi woyamikika ndi amene dzanja lake silinapise. Patapita zaka zitatu, mu 1990, pa mlandu wa Maryland v. Buie, khoti lomwelo linalola apolisi amene akumanga munthu m'nyumba mwake kuti ayendere zipinda zina mwachangu pofuna kudziteteza, ngati pali zifukwa zomveka zoganizira kuti mwabisala munthu woopsa, koma linati kuyenderako kukhale cursory visual inspection ya malo okhawo amene munthu angabisalemo. Wapolisi angasuzumire kuseri kwa chitseko kapena m'chipinda cha pansi, koma sangatsegule kabati kakang'ono ka patebulo, chifukwa munthu sangakwanemo. M'chigamulo chimenechi cursory ndi lamulo loyenera kulitsata, ndipo wapolisi wochita zoposa pamenepo ndiye wolakwa.

Zonsezi zili ndi phindu kwa womasulira, makamaka kwathu kuno kumene zigamulo za makhoti ndi malipoti a boma amalembedwa m'Chingerezi koma anthu ambiri amawamva kudzera m'Chichewa pa wailesi kapena pakamwa pa womasulira wa m'khoti. Chichewa chili ndi mawu okwanira, koma palibe amodzi amene angalowe paliponse pamene cursory walowa. Woweruza wa apilo akadzudzula khoti laling'ono, mawu oyenera ndi akuti linaunika umboniwo mwamgwazo kapena mopupuluma, ndipo ngati chigamulocho chikusonyezanso kuti panalibe chidwi, tingati linaunika mwachisawawa, ngakhale kuti mawu amenewa akulemera kuposa a Chingerezi ndipo akuyandikira kwa perfunctory. Wofufuza akamachenjeza za ntchito yake yomwe, tingati wangoona mwapatalipatali kapena wangodutsamo. Pa chiganizo chija chonena za cholakwika choonekeratu, Mchewa anganene kuti ngakhale kungoponyapo diso munthu aona kuti palakwika. Ndipo pa mlandu wa Buie, womasulira amene angati apolisi analoledwa kufufuza mosasamala ndiye kuti wapotoza chigamulo chonse, pakuti chimene khoti linawalola ndi kungosuzumira m'malo obisalamo munthu, n'kutuluka akangomaliza kumanga munthu amene anabwera kudzamugwira.